Fani ya Kumbuyo

Inu mumati mizimu imadikira usiku, anthu agone kaye, agalu ayambe kuuwa. Umenewo ndi mzimu wa munthu waulemu. Wa Fostino Kalilangwe unalibe ulemu wotero, monga mwini wakenso analibe ali moyo. Unkavuta masanasana, dzuwa lili paliwombo, anthu akutsatsana tomato panja. Kankhirani chikunicho pamoto, ndikuuzeni zimene zinamugwera Dailesi, mkazi wake, pa Kasiya paja.

Fostino anali ndi kashopu ka makompyuta kuseri kwa msika: chipinda chimodzi cha malata, chitseko chimodzi, ndi zenera la galasi losatseguka. Kumbuyo kwake kunali kachipinda kogona. Iye ankakonza makompyuta a anthu, Dailesi n'kumatayipa makalata, mapologalamu a maliro ndi a ukwati, komanso kuikira anthu nyimbo m'mamemore. Ntchito ankaidziwa Fostino, pamenepo tisamunamizire. Munthu akabwera ndi kompyuta yomangozima yokha, iye ankangoisisita pamwamba n'kuyamba kuseka kwake kwachipongwe kuja.

"Anakukonzerani ndani, bambo? Anamanga fani mozondotsa ameneyo. Bokosili limapuma ngati munthu. Fani ya kutsogolo imakoka mpweya wozizira, ya kumbuyo imatulutsa wotentha. Kulowa kutsogolo, kutuluka kumbuyo. Ngakhale nkhuku imadziwa zimenezi."

Anthu ankaseka. Dailesi sankaseka, chifukwa mawuwo anawamva zaka zisanu ndi zinayi mpaka anamukwana. Koma kompyuta ya mushopumo, imene iye ankagwirira ntchito tsiku ndi tsiku, m'kati mwake sanaonemo. Fostino anaikhoma loko kumbuyo, kiyi m'thumba. Anali munthu wa maloko ameneyo. Foni ya mkazi wake ankaifufuza, kumjigo akachedwa pang'ono inali ndewu, kwawo ku Mayani anamuletsa kupondako. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwandida, anachita kudzamutenga mkulu wake wa Dailesi, ataona kuti mwana akukulira kuseri kwa chitseko ndi mantha. Amayi a pamsika ankati mwamuna wansanje ndiye kuti amakukonda. Anthu amalankhula mokoma chibakera chikamagwera wina.

Fostino anali ndi mphumu kuyambira ali mwana, koma chaka chake chomaliza inamugwira zenizeni. Anaonda, maso analowa m'kati, ndipo kupuma kwake kunkamveka mpaka pakhonde, ngati wina akucheka thabwa lonyowa ndi sowo yobuntha. Dailesi anamudwazika bwinobwino, kumusambitsa, kumupaka mankhwala pachifuwa. Sikuti chinali chikondi ayi, chimenecho chinatha kalekale, koma ankaopa kuti anthu angadzanene. Tsiku lina akumumwetsa phala, Fostino anamugwira pamkono.

"Iwe Dailesi, ndikukuonatu. Ukuti ndikatseka maso uthamangire kwanu? Ine muno sindichoka."

Lachinayi lotsatira masana, munthu amene ankalephera kukweza kapu ya madzi anadzuka pamphasa, anatenga sikuludiraiva, n'kudzitsekera mushopu. Dailesi anamva kukwekwesa, kenako kompyuta ikulira, kenako zii. Anagogoda, anaitana, osayankhidwa. Dzuwa litapendeka anakaitana Wedisoni, mng'ono wake wa Fostino, kuti adzathyole chitseko. Anamupeza Fostino ali pansi, nkhope atatsamiritsa kumbuyo kwa bokosi la kompyuta, kukamwa kuli yasa, atazizira kale. Bokosilo linali lokhoma, kiyi ali m'chibakera chake. Kiyiyo anatenga Wedisoni pamodzi ndi katundu wina wa malemu.

Maliro anaikidwa, anthu anameta, aliyense anabwerera ku zake. Dailesi yekha ndiye anatsala pomwepo. Mukudziwa inu kuti mkazi wamasiye sangonyamuka ngati mlendo. Akuchimuna ayenera kukhala pansi ndi ankhoswe, amusudzule, anene pagulu kuti ukwati watha, mayi pitani mumtendere. Amalume ake a Dailesi ananeneratu pa foni kuti asayerekeze kubwera kumudzi ndi ukwati wa munthu wakufa kumsana. Choncho mawu onse anali m'kamwa mwa Wedisoni, ndipo Wedisoni sankawatulutsa.

Sanali munthu wankhanza Wedisoni. Anali mlimi wa fodya wofatsa, wovula chipewa akamalowa pakhomo, ndipo Dailesi sanamutchulepo dzina, nthawi zonse zinali "alamu, inu". Vuto lake linali limodzi: poyatsira kompyuta sankapadziwa, koma shopuyo inkadyetsa ana ake. Ndiye kusudzula kuja kunasanduka mawa la fisi. "Alamu, dikirani tikolole." Atakolola, "Alamu, amalume athu akudwala." Amalume atachira, "Alamu, mvula yayandikira." Ulemu wake unkamupweteka Dailesi kuposa mwano, chifukwa munthu wokuvulira chipewa sudziwa pomuyambira kumutukwana.

Ndiye mu Okutobala, patatha chaka ndi miyezi iwiri chimwalirire Fostino, kunabwera kalata. Inachokera kusukulu ina ya mishoni kufupi ndi kwawo, kumene mkulu wake uja anamulankhulira. Ankafuna wotayipa. Akafike Lolemba loyamba la Novembala, kalatayo ili m'manja, apo ayi malowo apatsa wina. Pasukulupo panalinso kanyumba ka chipinda chimodzi, koti akakhalemo ndi Mwandida, mwana amene sanamuone zaka zitatu. Dailesi anaiwerenga kanayi, analira, n'kuibisa pansi pa kiyibodi. Anatsala ndi masabata atatu oti amusudzule.

Zachilendo mushopumo zinayamba kale, koma iye ankazikankhira kumbali, paja munthu wotopa saona zambiri. Chitseko chinkadzitseka chokha kulibe mphepo. Ukachitchinga ndi njerwa, pakapita kanthawi njerwayo umaipeza yasendera m'kati. Utsi wa pachiwaya cha tchipisi tsidya la njira unkawoloka n'kulowa mushopu, pamene fumbi ndi mapepala a panjira zikuulukira kwina. Ntchentche zinkalowa zambirimbiri, koma zotuluka palibe anaziona, ndipo zakufa pansi panalibe. Dailesi akamatuluka, chitenje chinkamukanirira m'miyendo, kukokera m'mbuyo ngati mwana wosafuna kusiyidwa.

Makasitomala anayamba kuimirira pakhomo, kupereka mapepala atatambasula mkono. Mayi wokazinga tchipisi pachiwaya paja analowa tsiku lina kudzabwereka mpando, n'kutuluka chafutambuyo atagwira pachifuwa.

"Asisi, muno mumakhalamo bwanji? Ine mpweya wandichepera."

"Ndi malatawa, akutentha," anatero Dailesi. Koma mpando uja mayiyo sanautenge.

Kalata ija itangofika, tinthu tinayamba kusowa. Ndolo imodzi. Singano yokhala ndi ulusi wake. Tsitsi limene anapesa n'kuliika pambali kuti akalitaye kuchimbudzi. Kachithunzi kake kamene anajambulitsa kuti akapereke kusukulu kuja. Anasesa, anasuntha thebulo, anakutumula mphasa, osapeza kanthu. Chimene chinamudetsa nkhawa n'chakuti tonse tosowato tinali ta iye yekha. Cholembera cha kasitomala sichinasowepo.

Lachiwiri lina magetsi anazima masana. Chigayo chinaleka, wailesi ya kometera tsitsi inaleka, msika wonse unangoti zii ndi kutentha. Dailesi anatsamira pampando kuti apumeko, ndipo m'bata limenelo anamva fani ikuzungulirabe. Anayang'ana galasi la kompyuta, linali lakuda bii. Anazula chingwe pakhoma n'kuchigwira m'manja. Fani osaima. Ndipo sikunali kuzungulira kosalala kuja kwa masiku onse ayi. Inkakoka, n'kuima pang'ono, n'kukokanso, ndi kaphokoso kopyapyala pamapeto pake. Anaika dzanja pamwamba pa bokosi, n'kulichotsa msanga. Sikuti linamuotcha. Linali lofunda chabe, kufunda kwa thupi la munthu wa malungo, ndipo kufunda kumeneko ankakudziwa, anagona pambali pake zaka zisanu ndi zinayi. Anatuluka n'kukakhala pakhonde la eni mpaka magetsi anayaka.

Tsiku la msika kunabwera mlendo. Anali bambo wachikulire wosaona, bangwe atakoleka kumsana, akufufuza njira ndi ndodo. Anati dzina lake ndi Lufeyo, amaimba m'misika, ndipo anamva kuti pano amaika nyimbo m'mamemore. Anaponda pakhomo, mwendo umodzi m'kati, n'kuima chomwecho atapendeketsa mutu.

"Mayi, wodwala wanuyo bwanji osamutulutsa panja apitidweko mphepo?"

"Mulibe wodwala muno, bambo. Ndi kompyuta imeneyo."

"Makompyuta ndawamva ambiri ine," anatero a Lufeyo. "Maso ndilibe, koma makutu sanandimane. Onse amapumira kumbuyo, fuu, ngati mwana ali m'tulo. Iyi ikungomeza."

Anasolola kaulusi pa jekete yawo yong'ambika n'kupereka m'malere, Dailesi n'kulandira.

"Tayandikizani kutsogolo kwakeko. Kakutani?"

"Kakukakamira pa bokosi."

"Bwino. Tsopano kumbuyo."

Dailesi anasuntha bokosi pang'ono, anawerama, n'kuyandikiza kaulusi pa fani ya kumbuyo. Kanayenera kuulukira kwa iye. Kanaweramira m'kati, kanathothoka pa zala zake, n'kulowa. Anayesa dzanja pa timabowo ta m'mbali, napeza tonse n'totsekedwa, mpweya osatuluka ngakhale pang'ono.  Anakumbukira Lachinayi lija, sikuludiraiva, ndi kukwekwesa kuja. Munthu amene ankanyoza dziko lonse chifukwa cha fani yozondoka sakanalakwitsa pa yake. Anaitembenuza dala, n'kuikapo pakamwa pake.

"Mwangoti chete, mayi," anatero mlendoyo. "Ine kupuma kotere ndinakumvapo kamodzi, m'chipatala, pabedi loyandikana ndi langa. Anali munthu wokana kufa."

"Ndiye nditani, bambo?"

"Ine ndimangoimba."

Ndevu zawo zoyera zinali zitaweramira m'shopu, ngati pali wozikoka. Anabweza mwendo uja, anatembenuka, n'kumapita mofulumira kuposa mmene munthu wosaona amayendera. Za nyimbo zija sanazitchulenso. Dailesi atafunsa pamsika madzulo, palibe ankawadziwa.

M'mawa mwake anatuma uthenga kuti Wedisoni abwere. Anabwera, anavula chipewa, anachiika pathebulo, n'kuyamba nyimbo yake yomwe ija ya mvula ndi amalume. Dailesi sanamulole kuti amalize.

"Alamu, ndakhala pano chaka ndi miyezi iwiri ngati mbuzi ya pachingwe. Achimwene anu akundimenya munkamva, nyumba yanu si ili apoyi? Munkangokweza wailesi. Ndinawadwazika ndekha, ndinawasambitsa ndekha, matewera a munthu wamkulu ndinachapa ndekha. Tsopano mukufuna ndiwadikirenso ali kumanda? Mwana wanga akukula osandidziwa. Ndinalakwanji ine kwa anthu a kwanu?"

Wedisoni anayang'ana pansi. Ali chiyang'anire, chipewa chake chija chinayamba kuyenda pathebulo. Chinkasendera pang'onopang'ono, kuima, kusenderanso, mpaka chinakatsamira pa bokosi la kompyuta. Onse awiri anachiona.  Wedisoni anachitenga ndi zala ziwiri, n'kutuluka kukaima panja, thukuta lili kamukamu. Anayankhula ali komweko.

"Alamu, takulakwirani. Achimwene anali ovuta, tonse tinkadziwa, tinkangoyang'ana kumbali. Inenso njala yandichititsa manyazi. Loweruka lino ndiitana ankhoswe, a kwanu ndi a kwathu. Tikusudzulani, Lamulungu mukwere basi. Ndalumbira pali Mulungu."

Ndipo ankanena zoona. Ndikubwereza kuti mumve: munthuyo ankanena zoona. Anapalasa njinga kukauza amalume ake, anaimbira foni a ku Mayani, anagula ngakhale nkhuku yodzadyetsa alendo. Dailesi anaimbira mkulu wake kuti auze Mwandida kuti amayi ake akubwera Lamulungu. Anamva mwanayo akukuwa ndi chimwemwe chapatali.

Lachisanu masana analongedza sutikesi. Zovala zake sizinadzaze n'komwe. Pomaliza anakweza kiyibodi kuti atenge kalata ija, napeza palibe. Sanasese ulendo uno, sanasunthe thebulo. Anangotembenuka n'kuyang'ana bokosi lija, nalo lili phee pakona pake, likukoka mpweya. Mantha amene anali nawo masiku onsewa anatha, m'malo mwake munalowa ukali, ukali wa zaka khumi. Anapita yekha kwa Wedisoni kukaitanitsa kiyi.

Wedisoni anabwera naye kiyiyo, koma anaumirira kuti akhalepo. Anati sangasiye mlamu wake yekha ndi chinthu chimenecho. Dailesi anazima kompyuta, anazula chingwe, anatsegula loko n'kuchotsa chitsulo cha m'mbali.

Kompyuta ya pa Kasiya ukaitsegula umapeza fumbi lokwana kudzala mbatata. Mu iyi munali mbee, ngati yatuluka m'sitolo dzulo. Timabowo tonse tinali tomatidwa ndi selotepi cham'kati. Ndipo pansi pa bokosilo, atayala mwadongosolo monga Fostino ankayalira zida zake, panali ndolo, singano, kachithunzi kaja atakakulunga ndi tsitsi, ndi kalata, yopindidwa kangapo mpaka kukhala kanthu kakang'ono ngati kaphukusi ka mchere. Mmene zinalowera m'bokosi lokhoma, musandifunse ine. Wedisoni anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera.

Dailesi anatenga kalata, anaitambasula, anaiwongola ndi chikhatho pathebulo. Inali yonse, chidindo chili pomwepo. Apa ndi pamene mtima umandiwawa ine. Akanangotseka bokosilo, kukhoma loko, kiyi n'kukamuponya m'chimbudzi, bwenzi lero tikunena zina. Koma anayang'ana fani ya kumbuyo ija, naona kamuvi ka m'mbali mwake, kamene kamasonyeza kolowera mpweya, kakuloza m'kati. Anaganiza kuti ankhoswe mawa adzanena mawu awo, inde, koma mwini ukwati ali muno, sanavomere. Adzamukoka chitenje mpaka ku Mayani. Anaganizanso, poti anali munthu wachilungamo pa ntchito, kuti sangasiyire mlamu wake kompyuta yomangidwa mozondoka.

"Mwakhalitsa muno, a Kalilangwe," anatero mokweza, akutola sikuludiraiva. "Lero mutuluka."

Timabawuti tinali tinayi. Titatu tinamasuka bwinobwino, kachinayi kanalimba mpaka sikuludiraiva inaterereka n'kumucheka chala. Anayamwa magaziwo n'kupitiriza. Fani itachoka anaimva kulemera m'manja, kulemera kosayenera kapulasitiki kotero, ndipo mapiko ake ankanjenjemera. Anaitembenuza, kamuvi kaloze kunja, anamanga timabawuti tonse, anamatula selotepi yense, n'kubwezera chitsulo cha m'mbali. Analumikiza chingwe. Kenako anapita kutsogolo, chala pa batani, kaulusi kena m'dzanja linalo.

"Alamu, ine ndiona kutsogolo kuno. Inu tamverani kumbuyoko ngati ukutuluka."

Iye ankanena dzanja. Wa ntchito imeneyi aliyense amadziwa kuti umayesa ndi dzanja. Koma Wedisoni anali mlimi, zikhatho zake zinali zikang'a zokhazokha, zoti ngakhale khala la moto amatola osamva. Anayesa dzanja, sanamve kanthu. Ndiye anachita zimene amachita akafuna kudziwa ngati ng'anjo ya fodya yagwira moto: anagwada, n'kuyandikiza nkhope.

Dailesi anadina batani.

Kaulusi ka kutsogolo kanakakamira pa bokosi, monga kayenera. Kumbuyo kunamveka kupuma kumodzi, kwakutali, kosalekeza, ngati munthu amene wasenza thumba kuchokera kudimba walitula. Fungo la mankhwala opaka pachifuwa linadzaza chipinda chonse. Chitseko chinatseguka chokha mpaka kukagunda khoma la kunja. Ntchentche, kaya zinali kuti masiku onsewa, zinatuluka mulu umodzi. Mphepo ya panja inalowa, yeniyeni, ya fumbi ndi fungo la tchipisi, n'kukupiza mapepala pathebulo. Dailesi anagwira bokosi, linali lozizira ngati chitsulo china chilichonse. Anaseka. Anaseka mpaka misozi, kuseka kumene anthu a pa Kasiya anali asanakumvepo. Paja akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Alamu, mwamva? Watuluka! Dzukani, alamu, zatha."

Wedisoni anali chigwadire. Anakhala choncho nthawi yaitali ndithu, msana ukukwera ndi kutsika. Kenako anagwira thebulo, anadzuka pang'onopang'ono, n'kutsokomola kawiri. Sanayang'ane Dailesi. Anayang'ana manja ake, kuwatembenuza uku ndi uku, kufumbata ndi kutambasula, ngati munthu woyesa malaya atsopano. Anatola kalata ija pathebulo. Wedisoni sukulu analekera Sitandade 2, dzina lake lomwe ankalemba movutika, koma kalatayo anaiwerenga yonse mpaka pansi, maso akuthamanga. Atamaliza anaing'amba pakati, anaphatikiza, anaing'ambanso.

"Iwe Dailesi," anatero. "Sutikesi iyi ndi ya ndani?"

Loweruka ankhoswe anasonkhana pakhonde pa amalume ake a Fostino. Nkhuku ija inadyedwa. Itakwana nthawi ya mawu, Wedisoni anaimirira chipewa chili kumutu.

"Ife tasintha maganizo. Mkaziyu sitimusudzula. Nyumba ya achimwene siingagwe ine ndilipo. Ndilowa chokolo."

Dailesi anadzuka pamphasa ya amayi n'kukuwa kuti ameneyu si Wedisoni, tamumverani mmene akupumira, tamuyang'anani m'maso. Anafotokoza za fani, za kamuvi, za mpweya. Mukudziwa mmene nkhani ya fani imamvekera pabwalo la ankhoswe. Ena anaseka, ena anagwedeza mitu mwachisoni, wina ananong'ona kuti makompyutawa amazunguza mutu. Amalume ake enieni a Dailesi, mafuta a nkhuku ali pamilomo, anamuuza kuti akhale pansi, asawachititse manyazi, banja ndi kupirira, ndipo ndi amayi angati amasiye amene amapeza wowasunga? Munthu mmodzi yekha ndiye sanaseke. Anali mkazi wake wa Wedisoni, amene anakhala kumapeto kwa mphasa atafunda chitenje kumutu, akulira mopanda mawu.

Mwina mukuti bwanji sanangothawa. Anayesa. Lamulungu kusanache bwino anatuluka opanda sutikesi, opanda nsapato, kudzera njira ya kuseri kwa chigayo imene sanauzepo munthu. Anapeza Wedisoni atakhala pa chitsa pokhotera njirayo, akumudikira. Zimene zinachitika pamenepo sindinena, pali ana pano. Ndingoti masiku onse aja ali m'bokosi, munthu uja ankangokoka zitenje ndi kuba ndolo, chifukwa analibe manja. Manjawo anamupatsa ndi Dailesi yemwe, ndi sikuludiraiva yake.

Ku Mayani, Mwandida anafika pa siteji m'mawa wa Lamulungu lomwelo, atavala diresi lake la kutchalitchi. Minibasi iliyonse ikaima ankathamangira pakhomo, kusuzumira nkhope za otsika, n'kubwerera pamwala pake. Anakana kupita kukadya. Dzuwa litalowa amayi ake aakulu anabwera kudzamutenga, ndipo ali m'njira foni inalira. Inali nambala ya Dailesi, koma mawu anali a mwamuna, ndipo pakati pa mawu ndi mawu pankamveka kaphokoso kopyapyala.

"Mumuchapire zovala mwanayo, ndikubwera Lachitatu kudzamutenga. Mwana sangakulire kwa eni bambo ake alipo."